Chimene Gologolo Anadula m'Nyimbo ya Nkhanga

Padangotero. Yankhani kuti muli nane, ngakhale ndi mawu olefuka. Inenso ndatopa, koma nthano ikafika pakamwa siibwezedwa.

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, nyama zinali ndi makompyuta ngati ife tomwe. Dziko lawo linagawidwa pakati ndi mtsinje, ndipo uthenga uliwonse wopita tsidya lina, kaya kalata, kaya chithunzi, kaya mawu ojambulidwa, unkayenda pa ulusi umodzi umene Kangaude anaukoka akadali ndi mphamvu. Ulusiwo unali woonda. Katundu akachuluka unkalendewera, uthenga n'kumakwawa kuchokera m'mawa mpaka masana.

Bwanamkubwa wa dzikolo anali Mvuu. Tsiku lililonse ankatumiza chithunzi chake tsidya lija kuti nyama za kumeneko zisaiwale nkhope yake, ngati kuti nkhope yoteroyo munthu angaiiwale. Chikachedwa kufika, ankati olakwa ndi ena. Ndiye anaika lamulo lakuti uthenga wa nyama wamba usalemere kuposa khoko la mtedza. Wake wokha ndi umene sunkakwera pa sikelo. Sikeloyo anapatsa Kangaude, pamodzi ndi chenjezo lakuti akadzangolola cholemera kudutsa, adzathotholedwa miyendo umodziumodzi.

Apa ndi pamene Gologolo anapezera ntchito. Iye anali mmisiri wa mapulogalamu, ndipo luso lake linali kufinya mafayilo kuti achepe, awoloke pa ulusi, akafutukulidwe tsidya lija. Ankati analiphunzira ali mwana, polowetsa mtedza khumi m'tsaya limodzi. Kuchenjera anali nako ndithu, sindingamunamizire. Koma pakamwa pake pankathamanga kuposa mutu wake.

Tsiku lina mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho. M'mawa mwake muofesi ya Gologolo ndi Kangaude munalowa Nkhanga wina dzina lake Nachanza, nthenga zili nyankhalala.

"Bambo Gologolo, mwana wanga watsala tsidya lija."

"Pepani, mayi. Ali kwa yani?"

"Sali kwa aliyense. Timachokera kumaliro. Ndinamusiya pa udzu kuti ndiyambe ndaona ngati mlatho uli bwino. Nditangowoloka, mlatho unapita."

"Ndiye tilembere a Chule, kalaliki wa tsidyalo, atume apolisi akamufunefune."

"Sangamupeze. Ife a Nkhanga timaphunzitsa ana athu chinthu chimodzi: ukasiyana ndi amako, gona pansi, usayankhe aliyense, ngakhale akuponde. Udzadzuke ukamva nyimbo ya amako basi. Ndinaswa ana khumi ndi awiri, Mphamba ndi Nyenga anatenga ena onse. Uyu ndinamutcha Chatsalira, ndipo lamulolo amalisunga kuposa ine."

"Angakhale masiku angati osadya?"

"Anayi, akamanyambita mame."

"Imbani, mayi, ndijambule. A Chule ali ndi chinkuzamawu pa njinga, ayenda nayo ponseponse. Pofika madzulo mwana wanu akhala akudya."

Nachanza anaimba. Inali nyimbo ya mzere umodzi, wotchula dzina la mwana, kumuuza kuti mthunzi wa Mphamba wadutsa, adzuke adzadye chiswe. Mzerewo unkabwerezedwa kasanu ndi katatu, ulendo uliwonse kukwera pang'ono, ndipo pa ulendo womaliza mawu a Nachanza ankasweka, n'kumveka kachifuwa kamodzi, nyimbo n'kuthera pomwepo. Kunena zoona, sinali yokoma. Gologolo anatseka khutu limodzi ndi mchira.

Kangaude anaika fayiloyo pa sikelo. "Ili ndi dzungu, mphwanga."

"Dikirani muone, achimwene. Mzere umodzi kasanu ndi katatu? Tisenzerenji madengu asanu ndi atatu a chinthu chimodzi?"

Analemba pulogalamu yofufuza chilichonse chobwerezedwa, n'kuchisunga kamodzi, n'kuikapo kachizindikiro kosonyeza pamene chibwerere ndi mmene chisinthire. Sanataye kanthu, anangopinda. Fayilo inatsika mpaka theka la khoko la mtedza, iye n'kuitumiza akuimba mluzu. Koma m'fulumira anadya gaga. Anaiwala kulemba pamwamba pake kuti fayiloyo ndi yofinya, ndi njira yoifutukulira. Chule, amene ankachita zokhazo zimene pepala lanena, anangoilowetsa mu chinkuzamawu chomwecho n'kukwera njinga.

Masana yankho la Chule linafika: "Achimwene, mwatitumizira nyimbo kapena matsenga? Chinkuzamawu chikulira ngati khasu likunoledwa pamwala. Nkhuku zasiya kuikira. Mwana sanatuluke."

"Ukamanga mfundo, uzimuuza mnzako komasulira," anatero Kangaude, osatembenuka n'komwe.

Zikanathera pomwepo, bwenzi atangokonza n'kutumizanso. Koma nthawi yomweyo Mvuu analowetsa mutu pakhomo kudzafunsa chifukwa chake chithunzi chake chachedwa. Gologolo, pofuna kubisa manyazi a tsikulo, anayamba kudzitama.

"Bwana, ntchito ikuyenda. Lero lomwe ndatenga nyimbo yolemera ngati dzungu n'kuilowetsa m'theka la khoko la mtedza. Ine palibe chimene sindingachepetse."

"Palibe?"

"Palibe, Bwana."

"Ndiye kuti khoko la mtedza ndinawapatsa lalikulu. Kuyambira pano, uthenga wa nyama wamba usapose kambewu ka nandolo."

Mvuu anatuluka. Kangaude anayang'ana Gologolo ndi maso ake onse asanu ndi atatu.

Tsiku lachiwiri Nachanza anafika ofesi isanatsegulidwe. Anaima pakhomo, nkhope kuloza tsidya, n'kuimba nyimbo yake ija yoitana mwana ku chiswe, kasanu ndi katatu, kusweka pamapeto, ngakhale ankadziwa kuti phokoso la madzi likuimeza.

Gologolo anatenga fayilo yofinya kale ija n'kuifinyanso. Sinachepe. Anaifinya kachitatu, ndipo inakula pang'ono, chifukwa zizindikiro zinayamba kuunjikana pamwamba pa zizindikiro zinzake.

"Nzimbe yotafunidwa kale ukufunamo madzi?" anafunsa Kangaude.

Gologolo anakanda mutu, kenako anadumpha. "Ndaipeza! Kompyuta yathu ino ndi ya a Chule zonse zili ndi nkhokwe imodzimodzi ya nyimbo za amayi. Ndipo nyimbo za amayi n'zofanana: dzina, ngozi yapita, bwera udzadye. Sinditumiza nyimbo ayi. Nditumiza manambala okha. Chidutswa chachitatu, chidutswa cha makumi anayi, chakuti ndi chakuti. Kompyuta ya tsidya ikalumikiza yokha."

"Ndili ndi nkhunda khumi," anatero Kangaude, "koma khola langa lili ndi zipinda zisanu ndi zinayi. Ndichite bwanji kuti iliyonse igone payokha?"

"Sizingatheke."

"Nyimbo za amayi n'zambiri, manambala ako ndi ochepa. Zina zigona chipinda chimodzi."

"Achimwene, inu munakalamba ndi ulusi. Za mapulogalamu tisiyireni."

Ulendo uno analemba pamwamba njira yofutukulira, ndipo manambalawo sanasunthe sikelo n'komwe. Dzuwa litapendeka, Chule analemba: "Atuluka ana khumi ndi asanu ndi awiri. Anapiye alipo, a Bakha alipo, ndipo wa Fulu akadali m'njira. Wa Nkhanga palibe. Amayi awo akundilalatira kuti ndikufuna kuba ana. Chonde, musandichititsenso manyazi."

Nachanza atamva, sanakalipe. Anangoti, "Awiri apita, bambo," n'kutuluka.

Tsiku lachitatu anaimbanso pakhomo paja. Mawu anali atayamba kutha. Mizere yoyamba inkamveka ngati kunong'ona, ndipo posweka paja panangotsala pang'ono kuti pasamveke.

Gologolo sanadzitame tsiku limenelo. Anakhala pa kompyuta m'mawa wonse, maso ofiira, osadya ngakhale mtedza umodzi. Anabwerera ku mawu enieni a Nachanza n'kuyamba kudula zonse zimene khutu silisamala. Anadula mphepo imene inalowa pazenera. Anadula kupuma kwa pakati pa mizere. Anadula timawu tobisika kumbuyo kwa mawu aakulu. Atafika pamapeto, posweka paja anapasalaza, kachifuwa kaja n'kukachotsa. Chotsalacho chinalemera ndendende kambewu ka nandolo, ndipo chinali chokoma moti ngakhale Kangaude anaima kaye n'kumvetsera.

Yankho la Chule linabwera msanga: "Iyi ndiye nyimbo, achimwene! Akazi alira misozi. A Njati apempha kuti idzaimbidwe pa ukwati wa mwana wawo. Ndazungulira nayo katatu. Mwana sanatuluke."

Gologolo anagwetsa mutu pa tebulo. "Mayi, ndachita zonse zimene ndimadziwa. Mwina mwanayo..."

"Musamalize. Ndimveretseni chimene munatumiza."

Anamumveretsa. Nachanza anamvetsera mpaka pamapeto, mutu uli chopendekeka.

"Ameneyo ndani?"

"Ndinu, mayi. Ndangokutsukani pang'ono."

"Ine sindiimba choncho. Pamapeto paja pali kuti?"

"Posweka paja? Ndachotsa. Chinali chilema, ndipo chimadya malo."

Nachanza anapatula nthenga za pakhosi ndi mlomo. Panali chipsera chozungulira khosi lonse.

"Ndinakodwa m'khwekhwe ndili pa mazira. Ndinadzimasula, koma mawu anatsalira momwemo. Nyenga amaidziwa nyimbo yangayi, bambo, ndipo amaiimba mokoma kuposa ine. Ndi mmene ananditengera atatu. Ndiye Chatsalira ndinamuuza kuti, ikakoma, si ine."

Gologolo anamva manyazi amene anali asanawamvepo, ndiponso mantha, chifukwa anazindikira kuti tsiku lonse kamwana kaja kanali kakumva nyimboyo ikudutsa katatu, kakuganiza kuti Nyenga akukasaka.

"Imbaninso, mayi, ndijambule mapeto okhawo."

Nachanza anatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokha.

"Fayilo yoyamba ija uli nayo?" anafunsa Kangaude.

"Ndili nayo. Ine sinditaya kanthu, ndi chibadwa."

"Ndiye bwezeretsa kachifuwako, udule zina."

"Ziti? M'mawa uno ndikanalumbira kuti kachifuwako n'kopanda ntchito. Ndidziwa bwanji china chimene mwanayo amamvera? Mwina ndi kupuma, mwina ndi kunjenjemera kwa mzere wachitatu. Iyenera kupita yonse, mmene anaimbira."

"Dzungu lonse?" Kangaude anayang'ana miyendo yake. "Ndili nayo isanu ndi itatu, mphwanga, koma ndimaifuna yonse."

"Sindikupemphani mwendo. Ndipatseni mpaka mawa."

M'mawa wa tsiku lachinayi Nachanza anaima pakhomo paja monga mwa masiku onse. Mlomo unkatseguka ndi kutsekeka motsatira nyimbo, kasanu ndi katatu, koma palibe amene anamva kanthu. Gologolo anamudutsa osapereka moni, n'kulunjika kwa Mvuu.

"Bwana, ndabwera ndi nkhani yosasangalatsa. Tsidya lija kuli mphekesera."

"Zotani?"

"Akuti chipitireni mlatho, Bwanamkubwa sanalankhulepo. Akuti zithunzi zimene zikubwerazi n'zakale. Ena akuti mwina munakokoloka nawo limodzi."

"Ine? Kukokoloka? Ine wa m'madzi?"

"Ndi zimene ndinawayankha, Bwana. Koma nyama zimafuna kumva mawu. Mukalankhula ndijambula, ndiwafinye pang'ono kuti afike msanga..."

"Ungayerekeze! Mawu anga safinyidwa. Apite onse, ngakhale kupuma kwanga."

"Mwanena ndinu, Bwana. Nanga akamaulutsa, nyama zizingosokosa ngati masiku onse?"

"Lemba! Mawu anga amveke m'mudzi uliwonse ndi m'njira iliyonse. Pamene akumveka, pasapezeke wolankhula, wosinja kapena wotsokomola. Wochita phokoso akamangidwe."

Gologolo analemba, Mvuu anadinda. Kenako Bwanamkubwa anayamba kulankhula za kupirira pa nthawi ya mavuto. Analankhula, nalankhula, ndipo monga mwa chizolowezi chake ankati akalankhula pang'ono n'kuyasamula. Inu mukudziwa kuyasamula kwa Mvuu, kuti munthu angathe kupita kukatunga madzi n'kubwera iye asanatseke pakamwa. Anayasamula katatu. Gologolo atabwerera kuofesi anachotsa kuyasamula konse kutatuko, ndipo m'malo mwake anaikamo nyimbo ya Nachanza, yonse, ndi mphepo yake ya pazenera, ndi kupuma kwake, ndi kachifuwa kake.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Kangaude.

"Mawu a Bwanamkubwa."

"Onsewa?"

"Munalamulidwa kuika a Bwanamkubwa pa sikelo?"

"Ayi."

"Nanga mukufunsiranji?"

Kangaude anatembenuzira maso onse kukhoma n'kutsegula njira. Fayiloyo inakwera pa ulusi, ulusi n'kulendewera mpaka kutsala pang'ono kukhudza madzi. Kangaude anaugwira ndi miyendo isanu ndi umodzi, akubuula, kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo.

Tsidya lija Chule anawerenga lamulo lodindidwa, n'kukwera njinga. Dziko lonse linakhala chete, ngakhale Nkhululu anadzigwira pakamwa. Nyama zinamva Bwanamkubwa akunena za kupirira, kenako mwadzidzidzi zinamumva akuitana kamwana kuti kadzadye chiswe, ndi mawu okwera pang'onopang'ono, osweka pamapeto. Zinayang'anana, koma panalibe wofuna kumangidwa. M'mudzi uliwonse ndi m'njira iliyonse nyimboyo inamveka katatu, popanda chilichonse choisokoneza.

Tsidya lino anadikira. Gologolo anatafuna cholembera mpaka chinatha. Nachanza anakhala pakona osagwedezeka. Dzuwa litapendeka, uthenga wa Chule unafika: "Patuluka kamwana ka Nkhanga, kofooka kwambiri. Dzina sikakutchula, chakudya kakukana. Pambuyo pa za dzana zija, sindingalembe kuti ndi komweko popanda umboni. Kakungong'ung'udza kenakake, ndipo ndajambula. Fayiloyo ndi yolemera. Ndiifinye?"

Gologolo anayang'ana Nachanza. Nachanza anapukusa mutu.

"Musachotsemo kanthu," analemba Gologolo. "Pamwamba pake lembani kuti ndi kuwomba m'manja kwa nyama zoyamikira Bwanamkubwa. Zimenezo sizikwera pa sikelo."

Kangaude anausa moyo n'kugwiranso ulusi.

Fayilo inabwera pang'onopang'ono, ndipo ankaimva mmene inkafikira. Poyamba inali mphepo. Kenako kulira kwa tcheni cha njinga ya Chule. Kenako chete wautali, ndi kupuma kwa kanthu kakang'ono kotopa. Zala za Gologolo zinkanyerenyesa, chifukwa zonsezi n'zimene iye akanadula osaganiza kawiri. Anazikhalira.

Ndiye panamveka timawu tating'ono. Tinkaimba mzere umodzi womwe uja, wa mthunzi wa Mphamba ndi chiswe, tikukwera pang'ono ulendo uliwonse. Kachisanu. Kachisanu ndi chimodzi. Kachisanu ndi chiwiri. Pa ulendo womaliza, kamwanako, kamene khosi lake linali losakhudzidwapo ndi khwekhwe, kanaswa mawu dala pamalo omwe aja, n'kutsokomola kamodzi. Kankayesa kuti nyimboyo ndi mmene imaimbidwira.

Nachanza anagwa chogwada. Mawu analibe, anangogwedeza mutu, misozi ikutsikira pa chipsera chija. Gologolo analemba: "Ndi yemweyo. Mumveretseni nyimbo ya amake kamodzinso, kenako mum'patse chiswe. Adya."

Mphekesera ya Bwanamkubwa woimba ngati Nkhanga sinachedwe kuwoloka, ngakhale panalibe mlatho. Mvuu anafuna miyendo ya Kangaude, koma Gologolo anatulutsa pepala lodindidwa lija n'kunena kuti zonse anachita yekha. Mvuu anamulanda kompyuta n'kumuthamangitsa pa ntchito, ndipo iye anakwera mumtengo osadandaula, chifukwa anali atatopa. Mpaka lero mukamuona, amalowetsa zinthu m'masaya zathunthu, osadula kalikonse. Mukamufunsa chifukwa chake sakuyankhani, pakamwa pamakhala podzaza.

Madzi ataphwa, Nachanza anawoloka kukatenga mwana wake. Mawu ake sanabwererenso, ndipo kuyambira pamenepo amene ankaimba nyimbo ija anali Chatsalira, kuswa pamapeto mmene anaphunzirira.

Yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata ija, ndipo mukapeza kuti yapserera mbali ina, musadulepo. Ndi pamene mudziwire kuti ndi yanu.